Thamositati ya Njati

Ntchito yanga yoyamba ku Amereka ndinaipeza panja pa tchalitchi, mbale ya mpunga ili m'manja. Ndinafika ku South Bend mu 2003, kutsatira akazi anga, mayi a Tadala, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Mapepala ondilola kugwira ntchito anali atatuluka, koma ntchitoyo ndiye sinkandifuna. Miyezi isanu ndinali mlonda wa nyumba: kuperekeza mwana ku basi ya sukulu, kutsuka mbale, kenako kusuzumira pawindo mpaka mwanayo abwere. Munthu amene kumudzi ndinali dalaivala ndi makaniko wa magalimoto a m'nkhalango ku Chikangawa kwa zaka khumi ndi chimodzi, manja anayamba kusalala ngati a kalaliki.

Lamulungu lina titaweruka mapemphero, anthu akudya, ndinatuluka panja ndipo ndinaiona. Inali galimoto yakale ya m'thengo, yokoka ndi matayala onse anayi, thupi lake la bokosi, mtundu womwe uja tinkakwera nawo zitunda za matope kwathu. Ndinaizungulira kawiri. Kumbuyo, pamene pamayenera kukhala mipando, panagona thanki yoyera yomangidwa ndi malamba achitsulo. Ndinawerama kununkhiza paipi ya utsi, fungo la petulo osalimva.

"Imeneyo ndi Njati," anatero munthu kumbuyo kwanga. "Imadya gasi, petulo inasiya kalekale. Sipanala mumaidziwa, a Mbewe?"

Anali Bambo Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene anali atakhala ku Amereka zaka zoposa makumi awiri. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala, ndipo pambali anali ndi kabizinesi kawo: nthawi yozizira kukankha sinowo, chipale chija chogwa ngati ufa, m'malo oimika magalimoto, nthawi yotentha kutchetcha kapinga. Ndinawayankha kuti sipanala ndinakulira nayo. Anati ndibwere m'mawa mwake.

Njati inasinthidwa kuti izidya gasi ndi mlimi wina amene anawagulitsa galimotoyo, ndipo thanki ya petulo anaichotseratu chifukwa inali itadyeka ndi dzimbiri. Kwa amene simunaionepo galimoto yotere, gasi wake ndi yemwe uja ena amaphikira. M'thanki amakhala wamadzimadzi, ndipo thankiyo sadzazitsa, amasiya malo pamwamba. Kuchokera kumeneko amadutsa m'paipi mpaka pa kachitsulo kozungulira, kakukula ngati mbale, kamene timati vepolaiza. Mmenemo ndi mmene amasanduka mpweya asanalowe mu injini. Koma gasi akamasanduka mpweya amazizira koopsa, choncho vepolaiza imafunditsidwa ndi madzi otentha ochokera mu injini. Madziwo akapanda kutentha, vepolaiza imauma ndi ayezi ndipo galimoto imazima. Zimenezi anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa pamalo pamene tinkathira gasi, ndipo ndinazisunga m'mutu kuposa tsiku langa lobadwa.

M'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti ndisanalize injini. Choyamba kununkhiza. Kenako madzi a sopo m'kabotolo, kupopera polumikizira mapaipi onse, kuona ngati patuluke thovu. Ndikatero ndinkatsegula chivundikiro cha rediyeta kuona kulanti, madzi obiriwira aja osakanizidwa ndi mankhwala kuti asaume ndi chisanu. Ndikaliza injini ndinkadikira, dzanja lili pa vepolaiza, mpaka nditamva kufunda, ndipo pamenepo m'pamene ndinkalowetsa giya. Loweruka linali la girizi, kumanga mabawuti a chikhasu chokankhira sinowo, ndi kuyeza mipata ya mavalavu, pakuti injini ya gasi imadya mavalavu msanga ukaitayirira.

Ndisaname, ndinkawakonda Bambo Kamwendo. Pagulu ankanditchula a Mbewe, koma tikakhala awiri ankati mphwanga. Anandigulira jombo zanga zoyamba za m'sinowo. Tsiku lina ndikupukuta manja anagunda boneti nati, "Mphwanga, Njatiyi ndikadzatopa nayo ndi yanu. Ana angawa sadziwa ngakhale pothira oyilo." Iwo omwewo ndi amene anandilengeza kutchalitchi kuti mpingo wapeza makaniko wakewake. Posakhalitsa Loweruka masana panja pa nyumba yathu pankakhala magalimoto awiri kapena atatu a Amalawi, wina mabuleki, wina batire. Dzina langa linayamba kumveka mpaka ku Indianapolis. Kwa munthu wobwera kudziko la eni wopanda setifiketi ya kuno, dzina limenelo ndilo linali setifiketi yanga yonse.

Nkhani ya thamositati inayamba m'mwezi wa Julaye, chaka chotsatira. Tikukoka ngolo ya makina otchetchera kapinga dzuwa lili pamutu, singano ya kutentha inakwera mpaka pafupi ndi pofiira. Bambo Kamwendo anachita mantha.

"Chotsani thamositati, mphwanga. Kwathu timachotsa. Ndi imene ikutsekereza madzi."

Sananame kuti kwathu timachotsa. Ine ndemwe ndinachotsa zambirimbiri ku Malawi, n'kuziponya m'chitini. Thamositati ndi kachitsulo kakang'ono kokwana m'chikhatho, kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka atenthe, kenako n'kutseguka kuti apite ku rediyeta. Kwathu kotentha munthu ukachotsa, galimoto imayenda ndithu. Ndinawafotokozera kuti kuno, makamaka pa injini ya gasi, kuchotsa kachitsuloko n'kupha vepolaiza chisanu chikangoyamba. Vuto lenileni linali rediyeta yodzaza matope ndi lamba wa fani wolobodoka. Ndinatsuka rediyeta, ndinamanga lamba, ndinaika thamositati yatsopano kuti mtima wawo ukhale pansi. Gasiketi yake, kanthu kopyapyala kotseka polumikizira kuti madzi asadonthe, m'sitolo munalibe, ndiye ndinadula yanga pa kabokosi kofiira ka sopo wochapira monga tinkachitira kumudzi. Njati sinawirenso. Koma mkuluyo akaona singano yagwedezeka pang'ono, ankabwereza nyimbo yake yomweyo, ine n'kumaseka.

Mu Januwale 2005 mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Tiyamike, namwino wa ku Indianapolis, ankamanga ukwati. Anaphunzirira kuyendetsa pa Njati, ndipo ananenetsa kuti kuchoka kunyumba kwake ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, kupita kutchalitchi akwera Njati basi, osati galimoto ina. Ulendo wa ku Indianapolis pa liwiro la Njati ndi maola atatu ndi theka. Ndinati ifika, bola tiyende mofatsa. Lachinayi ndinachotsa chikhasu cha sinowo, ndinasintha oyilo ndi mapulagi, ndinayeza kulanti ndi kachipangizo kake n'kupeza kuti ndi wamphamvu, ndinathira gasi. Lachisanu Bambo Kamwendo anaitengera kunyumba kwawo kuti amayi a mumpingo akaikongoletse m'galaja mwawo, mmene munali chotenthetsera.

Loweruka m'mawa kunazizira kuzizira kuja komata mphuno. Ndinafika ndi kabotolo kanga ka sopo ndipo ndinapeza Njati yasanduka mkwatibwi payokha: maluwa, nsalu zoyera, maliboni odutsa pa boneti yonse n'kumangidwa ku bampala. Ndinagwira chotsegulira boneti.

"Iii, a Mbewe, musakhudze!" anakuwa Mayi Jere, amene ankatsogolera zokongoletsazo. "Tamanga dzulo tsiku lonse zimenezo."

"Zonse zili bwino, mwaisevisa kale," anatero Bambo Kamwendo, atavala suti ndi duwa pachifuwa. "Tiyeni, tileta."

Pa chaka choposa chimodzi, limenelo linali tsiku loyamba kuliza Njati osatsegula boneti. Cholakwa chimenecho n'changa, ndipo sindinachikanepo.

Tinanyamuka, ine pa chiwongolero, iwo pambali panga. Kumbuyo kwathu kunali minibasi ya mpingo yodzaza ndi akwaya ndi mapoto a zakudya, ndi magalimoto ena atatu. Titalowa msewu wa 31 ndinaona kuti singano ya kutentha yagona pansi, osadzuka. Hita inkauzira mphepo yozizira. Ndinati, "Bambo, injini sikutentha, chilipo chalakwika." Anayang'ana kunja kwa windo nati, "Ndiye bwino kumeneko, ikuyenda mozizira." Mawu amenewo ndinawamva, koma mutu sunagwire kanthu.

Titangopitirira tawuni ya Plymouth, Njati inayamba kutsokomola. Ndinaponda moto, inadzuma, inatsokomolanso, kenako zii. Ndinaitsetserekera m'mbali mwa msewu, pakati pa minda yoyera mbuu. Fungo la gasi linali litalowa kale m'kati. Ndinathamangira kumbuyo kukatseka valavu ya pa thanki, ndinauza anthu amene ankatsika m'magalimoto kuti aime patali, kenako ndinadula maliboni a Mayi Jere ndi mpeni. Vepolaiza inali yoyera ngati yathiridwa ufa, ndipo chivundikiro chake chinali chitang'aluka. Ndinatsegula rediyeta. Munalibe zobiriwira. Munali madzi wamba, a pampopi, atayamba kale kuundana pakhosi pa rediyetayo.

Mutu unaima. Ndinapita kukatenga chiguduli pansi pa mpando wa Bambo Kamwendo, ndipo dzanja linagunda kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinafunyulula. Inali thamositati, ndipo m'mphepete mwake munali mutamatirira kachidutswa kofiira ka bokosi la sopo.

Zonse zinandionekera nthawi imodzi. Mkuluyo anaopa kuti Njati iwira pa ulendo wautali, anakweza boneti amayi aja asanamange maliboni, anamasula mabawuti awiri, kulanti anatayika pansi, ndipo anadzaza ndi madzi a pampopi monga tonse tinkachitira kwathu. Ndinadzutsa mutu. Bambo Kamwendo anali ataima pakhomo la galimoto, maso awo pa dzanja langa. Anaona kuti ndaona. Anthu oposa makumi awiri anali atasendera pafupi, amayi atafunda zitenje pamwamba pa majekete, aliyense akufunsa kuti chachitika n'chiyani.

Anatembenukira kwa anthuwo n'kukweza mawu.

"A Mbewe, ndinakufunsani ngati mwaisevisa galimotoyi. Ndinakukhulupirirani ngati mwana wanga. Lero, tsiku la mwana wanga, mwandichita zimenezi?"

Thamositati inali m'chikhatho mwanga. Kunali kungotambasula dzanja basi. Koma ndinaona imvi zawo, ndinaona duwa pachifuwa, ndinakumbukira kuti mwana wawo akuwadikira atavala veyilo. Tinaleredwa kuti munthu wamkulu sutsutsana naye pagulu, umadikira mukhale awiri. Ndinalowetsa dzanja m'thumba la jekete ndipo ndinati, "Pepani, bambo." Ndinkaganiza kuti ndikuwabwereka ulemu wa tsiku limodzi, mawa adzandibwezera okha.

Bambo Kamwendo anakwera minibasi, onse ananyamuka. Akazi anga anali atatsogola dzulo lake kukathandiza kuphika, choncho panalibe wondiyang'ana kawiri. Ndinatsala ndekha ndi Njati. Ndinayesa kukhetsa madzi aja kuti asaumire mu injini, koma kampopi ka pansi pa rediyeta kanali katauma gwa, ndipo zala sizinkamvanso sipanala. Galimoto yokoka zinzake inafika patatha maola anayi. Titafika ku South Bend ndinaunika ndi tochi m'mbali mwa injini ndipo ndinaona mng'alu wautali ngati chala. Ayezi anali ataswa buloko, thupi lenileni la injini.

Akazi anga anabwera Lamulungu masana. Sanavule n'komwe jekete. Anati ukwati unachedwa ndi ola limodzi ndi theka, Tiyamike anapita kutchalitchi pa galimoto ya mnzake akulira. Kenako kuholo, pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaseketsa anthu kuti tsopano aponye ndalama onse amene magalimoto awo sanathiridwe madzi a pampopi ndi makaniko wa ku Chikangawa. Holo yonse inafa ndi phwete.

Za madzi a pampopi palibe amene ndinamuuza pa msewu paja. Amene anaona m'rediyeta ndinali ndekha. Ndiye kuti m'minibasi muja, ulendo wonse wa ku Indianapolis, mkuluyo anafotokoza yekha chimene chinachitika, n'kungosintha dzina la wochita.

"Bambo a Tadala, ndiuzeni zoona," anatero akazi anga. "Munathiradi madzi?"

Funso limenelo linandiwawa kuposa chisanu cha dzulo lake. Ndinatulutsa thamositati n'kuiika patebulo. Atamva zonse anafuna kunyamuka nthawi yomweyo kupita kwa a Kamwendo, ndipo amene akuwadziwa mayi a Tadala akudziwa kuti sakanapita kukapereka moni. Ndinawaletsa. Ndinati mkuluyo anachita mantha chabe, ndikaonana naye akonza yekha.

Lolemba ndinawapeza Bambo Kamwendo kunyumba kwawo akumwa tiyi. Ndinaika thamositati pafupi ndi kapu yawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga," anatero, "zinthu zina timangozisiya. Ine ndine mkulu wa mpingo, apongozi anga atsopano andiona bwanji? Inu mukadali achinyamata, anthu aiwala."

Ndinadikira mawu ena, koma anali omwewo. Anandifunsa ngati ndingamwe tiyi. Ndinatola thamositati yanga ndipo ndinatuluka, ntchito inathera pomwepo.

Anthu sanaiwale. Loweruka lotsatira panja pathu panalibe galimoto ngakhale imodzi. Amene ndinawakonzera mabuleki, mabuleki ake akugwirabe bwinobwino, anayamba kupita kwina. Kutchalitchi anyamata anandipatsa dzina loti a Madzi, ndipo linamera mizu mpaka ana aang'ono, amene Chichewa amangomva osayankhula, ankalitchula bwino lomwe. Bambo Kamwendo ankaimirira kutsogolo Lamulungu lililonse kupempherera odwala ndi a paulendo, ine ndili kumbuyo ndikuyang'ana nsapato zanga. Sindinkakwiya ndi thamositati. Munthu aliyense wa kwathu akanatha kulakwitsa choncho, ine ndemwe chaka changa choyamba ndikanatero. Chimene chinkandidya n'chakuti anandiyang'ana m'maso, anadziwa kuti sindingawayankhe, ndipo anagwiritsa ntchito ulemu wanga womwewo kundimangira.

Chaka chisanathe tinasamukira ku Indianapolis. Ndinapeza ntchito kufupi ndi dera la Speedway, pa galaja yokonza mafokolifiti, magalimoto aja onyamulira katundu m'mafakitale, amene ambiri amadya gasi. Tsiku londiyesa, kapitawo anandilozera imodzi imene inkazimazima ikangoyenda pang'ono. Ndinaika dzanja pa vepolaiza, ndinamva kuzizira, ndinati tione madzi. Anandiuza kuti ndiyambe Lolemba. Njati inandichotsera dzina, Njati yomweyo inandipatsa ntchito.

Mu 2008 foni inalira. Anali Bambo Kamwendo. Anati akugulitsa nyumba, ndipo Njati ikadali kuseri kwa galaja kumene ndinaisiya. "Mudzatenge, mphwanga. Ndinalonjeza." Ndinabwereka ngolo n'kupita. Ndinapeza anthu a mpingo akuwathandiza kulongedza katundu, ena mwa iwo omwe aja anaima pa msewu wa 31. Njati inali itaphwa matayala, kachidutswa ka liboni kakadali ku bampala.

"A Madzi abwera kudzatenga maliro awo," anatero mmodzi, anthu n'kuseka.

Ulendo uno ndinayankha. Ndinati, "Amene anathira madzi m'galimotoyi ali pompano, ndipo si ine. Bambo Kamwendo, auzeni."

Mkuluyo anaseka pang'ono, anati, "Aaa, zakale zimenezo," n'kunyamula katoni kulowa m'nyumba. Anthu anasekanso, poganiza kuti ndikubweza nthabwala. Mayi Jere anandisisita paphewa nati ndisamasunge zinthu kukhosi. Zoona zimene zikanatheka ndi kutambasula dzanja kamodzi pa msewu paja, patatha zaka zitatu zinalibenso wozigula.

Kuyambira pamenepo ndili ndi malamulo awiri pa ntchito. Sindiliza injini ndisanatsegule boneti, kaya pamangidwa maluwa a ndani. Ndipo chimene ndapeza m'galimoto ndimachinena pomwepo, boneti ili chitsegukire, mwini wake ndi mboni zake ali pomwepo, kaya ali ndi imvi. Ndimanena mwaulemu, ndi bambo ndi pepani zonse, koma chitsulocho ndimachiika poyera.

Njati ndinaikokera kwathu ku Beech Grove, misewu ingapo kuchokera kumene Tiyamike anaidikira tsiku lija. Inanditengera chaka ndi miyezi. Buloko ina ndinaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale, vepolaiza ndinagula yatsopano, mapaipi a gasi ndinasintha onse, thanki ndinakaiyezetsa. Nditafika pa thamositati, akazi anga anati ndigule ina, yakaleyo ili ndi tsoka. Ndinaitulutsa m'bokosi la zida mmene inakhala zaka zonsezo, kachidutswa kofiira kakadali pomwepo. Ndinatereka madzi m'kapoto, ndinaimangirira ku waya n'kuiviika, choyezera kutentha chili m'dzanja linalo, monga timayesera thamositati iliyonse. Tinaima awiri kukhitchini kuyang'ana m'poto. Madzi atangofika pa kutentha kolembedwa pa mkombero wake, inatseguka bwinobwino.

"Ndiye inalibe vuto?" anafunsa mayi a Tadala.

"Inalibe," ndinatero. "Anangoichotsa."

Ndinaipukuta, ndinadula gasiketi ina, ndipo ndinaibwezera pamalo pake. Ili momwemo mpaka lero.